Zomba: likulu lakale lomwe likadali pakati pa nkhani za boma

Boma la Zomba lili m'chigawo cha kummwera ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,580. Linachita malire ndi Machinga kumpoto, Blantyre kumadzulo, Chiradzulu ndi Phalombe kummwera komanso dziko la Mozambique kummawa.

Tawuni ya Zomba inakhala likulu la dziko lino kuchokera mu 1891, pomwe Harry Johnston anakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda a ku Britain, kufikira mu 1975 pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo inatsalira komweko mpaka mu 1994. Ngakhale zinatero, nthambi zingapo za boma sizinachoke. Ofesi yoona za kalembera ya NSO, bungwe la mayeso la MANEB, nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma ndi ofesi yosindikiza mabuku a boma zonse zili ku Zomba. Kulinso sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ndende yaikulu yomwe inamangidwa mu 1935.

Potsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, Zomba ili ndi makhonsolo awiri. Khonsolo ya mzinda imatsogoleredwa ndi mfumu ya mzinda, pomwe khonsolo ya boma, yomwe ntchito zake amayendetsa ndi bwanamkubwa, imatumikira madera a mafumu monga Chikowi, Mlumbe, Malemia, Kuntumanji, Mwambo ndi Mkumbira.

Milandu yambiri imayambira kumakhoti a majisitireti. Ikuluikulu, monga ya kupha munthu, ndi ya apilo imapita ku Bwalo Lalikulu la Milandu, lomwe lili ndi nthambi ku Zomba kuphatikiza pa za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Chigamulo cha nthambiyi chimatha kukhudza dziko lonse. Mwachitsanzo, mu Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba anagamula kuti ana achirasta omwe ali ndi tsitsi lopota aziloledwa kuphunzira m'sukulu za boma. Wosakhutira ndi chigamulo cha bwaloli amakasuma ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre.

Tawuniyi inamangidwa m'tsinde mwa phiri la Zomba, lomwe nsonga yake yaitali, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Pamwamba pa phirili pali damu la Mulunguzi, gwero la madzi akumwa a anthu amumzindawu. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imachokera m'phirimu ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Nyanjayi inaikidwa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar patangotha nthawi yochepa itaphwa mu 1995.

N'chifukwa chake kudula mitengo mwachisawawa, kuotcha makala ndi moto wolusa m'phirimu zimadetsa nkhawa. Nkhalango ikatha, nthaka imakokoloka, mitsinje imakwiririka ndipo imaphwa msanga m'chilimwe. Ovutika ndi anthu amumzinda odalira madzi a m'mipopi, alimi a mpunga a ku Likangala ndi asodzi a matemba a ku Kachulu ndi pachilumba cha Chisi.