Mkuyu, Manda ndi Chipatala pa Mishoni ya ku Nkhotakota

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ndi woona, koma ku Nkhotakota kunafika alendo ena amene mapazi awo akuonekabe mpaka lero. Munthu wofika pa mishoni ya Angilikani kufupi ndi nyanja amapeza zinthu zitatu zoyandikana: mtengo wa mkuyu wotchedwa dzina la David Livingstone, tchalitchi cha All Saints, ndi chipatala cha St Anne's. Ambiri amangodutsapo popita kukazonda matenda, osadziwa kuti zitatuzi zinamera pa muzu umodzi, ndipo muzuwo unayambira m'nyumba ina ya sukulu yaukachenjede ku Mangalande.

Pa 4 Disembala 1857, Livingstone analankhula m'holo ya Senate House pa yunivesite ya Cambridge. Anauza ophunzira ndi aphunzitsi za malonda a akapolo amene anawaona pa maulendo ake, nawapempha kuti apitirize ntchito imene iye anayamba. Mawuwo ndiwo anabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene makolo ankalitchula mwachidule kuti UMCA, ndipo linagwirizanitsa mayunivesite a Oxford, Cambridge, Durham ndi Dublin. Gulu loyamba linakhazikika ku Magomero mu 1861, koma Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, mankhwala ake atatayika m'madzi. Mishoni inasamukira ku Zanzibar, ndipo inadzamanga likulu lake pa chilumba cha Likoma mu 1885.

Nthawi yonseyo Nkhotakota inali m'manja mwa a Jumbe. Woyamba wa iwo, Salim bin Abdallah, anafika cha m'ma 1840 namanga linga, ndipo dzina loti Linga likadalipo. Pa dooko limeneli zombo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wa miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Livingstone analemba zimene anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, zoti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanjayi ankadutsa pa chilumbacho chaka chilichonse. Iye anaonana ndi Jumbe mu 1863, ndipo mkuyu uja ndiwo umasunga chikumbutso cha ulendowo. Kunena zoona, kukumanako sikunamasule munthu ndi mmodzi yemwe. Malondawo anapitirira zaka zina makumi atatu. Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wachitatu mu 1889, ndipo ufumuwo unatheratu pamene Jumbe womaliza anachotsedwa pa mpando natumizidwa ku Zanzibar pakati pa zaka za m'ma 1890. Adzukulu asaiwalenso kuti a Jumbe omwewo ndiwo anakuza ulimi wa mpunga m'madambo a kuno ndi kubweretsa Chisilamu. Mbiri yawo ndi yowawa, koma siingalongosoledwe ndi mawu amodzi.

UMCA inatsegula mishoni ku Kota Kota, monga Azungu ankalembera dzinalo, mu 1894, ndipo wansembe woyamba anali Arthur Fraser Sim. Chaka chotsatira chinali cha misozi. Chauncy Maples, amene anaphunzira ku University College ku Oxford ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pakati pa Ayao ndi Anyanja, anadzozedwa ku London mu Juni 1895 kukhala Bishopu wa Likoma. Pobwerera anakwera boti lachitsulo la matanga lotchedwa Sherriff, ndipo usiku wa pa 2 Seputembala namondwe analigubuduza kum'mwera kwa Nkhotakota. Amalinyero anasambira nafika kumtunda, koma bishopuyo ndi mnzake Joseph Williams anamira. Zimanenedwa kuti mkanjo wake wautali ndiwo unamulemera m'madzi, ndiponso kuti ndi mkanjo womwewo umene unathandiza anthu kuzindikira thupi lake litapezeka patapita masiku. Asodzi a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti mphepo ikayamba kulusa, wanzeru amakocheza n'kudikira kucha; mlendo wofulumira kukafika pa ntchito yake yatsopano sanadikire. Anaikidwa ku Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Sim naye anamwalira chaka chomwecho, atakhala pa mishoniyo chaka chimodzi chokha.

Imfa zotere zinachulukitsa, ndipo zinaphunzitsa mishoni kuti pemphero liyenera kuyenda ndi mankhwala. Mu 1897 Ronald Ross anapeza ku India kuti malungo amayenda ndi udzudzu, ndipo mu 1899 kunafika dokotala Robert Howard. Iye analimbikira za kwinini, maneti ndi nyumba zomangidwa bwino, nayambanso kuphunzitsa anyamata a kuno ntchito yotsuka zilonda ndi kupereka mankhwala. M'nyengo imeneyo, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndimo munayambira chipatala chimene lero chimatchedwa St Anne's. Mayina a anyamata aja sapezeka pa zipilala, ngakhale kuti ndiwo anachititsa kuti anthu a m'midzi asiye kuopa chipinda cha dokotala. Mayi wa ku Linga sakanapereka mwana wake kwa mlendo wosamva chinenero chake pakanapanda mwana wa m'mudzi woimirira pambali. Lero pakhomo pa chipatalacho amalowa Msilamu ndi Mkhristu, mdzukulu wa wogula ndi mdzukulu wa wogulidwa, ndipo namwino safunsa za makolo awo.

Bishopu uja ali ndi manda, ndiponso sitima ya pa nyanja imene inapangidwa ku Glasgow niyamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake, Chauncy Maples. Livingstone ali ndi mtengo wake. Anthu zikwizikwi amene anakwezedwa m'zombo pa dooko la Linga anatengedwa m'midzi ya Achewa ya kumadzulo, mpaka kutsidya kwa Kasungu, ndipo popeza sanaikidwe kwawo, panalibe amene anawameta maliro kapena kuwafululira mowa wa chikumbutso.