Mbale Yosokedwa ndi Mwendo Wopunduka

Kuno ku Nthalire palibe amene angatiphunzitse ntchito ya phale. Mphika ukasweka, amayi athu satayiratu. Chidutswa chachikulu chimasanduka chokazingira chimanga ndi mtedza, china amamweramo nkhuku. Ngakhale mbiri ya dziko lathu ili m'mapale. Akatswiri ofukula zakale, monga Keith Robinson amene anakumba ku Nkope ndi ku Phopo, anadziwa za anthu amene ankasula zitsulo kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo poyang'ana zidutswa za mbiya zawo.

Anthu a ku Japan anapita patsogolo: iwo anafuna kuti chosweka chibwerere pa ntchito yake yakale. Amati mtsogoleri wa asilikali Ashikaga Yoshimasa, amene anamwalira mu 1490, anali ndi mbale yomwera tiyi yochokera ku China. Itachita mng'alu, anaitumiza kwawo komweko kuti amupezere ina yofanana nayo. Sinapezeke, ndipo anamubwezera yomweyo ataisoka ndi timisomali tachitsulo. Mbaleyo, yotchedwa Bakōhan, ikusungidwa mpaka lero ku Tokyo National Museum. Nthano imati amisiri a ku Japan anayamba pomwepo kufuna njira ina yokonzera mbale, ndipo njirayo ndiyo kintsugi, kutanthauza kulumikiza ndi golide.

Dzinali lingatisocheretse. Golide samata kanthu. Chimene chimagwira zidutswa ndi utomoni wa mtengo wa urushi, umene amausakaniza ndi ufa wa tirigu. Utomoniwu ukadali wauwisi umayabwa pakhungu kuposa chitedze, ndipo chodabwitsa n'chakuti suuma padzuwa. Umalimba pamalo a chinyontho, pang'onopang'ono. Mmisiri amamata, amadikira, amapala, n'kupakanso, mwina kwa miyezi. Fumbi la golide limabwera pomalizira penipeni, kutsata mzere wa mng'alu. Ambiri amene amakonda kulalikira za luso limeneli amathamangira golideyo n'kuiwala miyezi yodikira ija, chonsecho ntchito yonse yagona pamenepo.

M'zaka zimene miyambo ya tiyi inkakula ku Japan, Francis Xavier Woyera anafika ku Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549. Amene anamusankha kupita kum'mawa anali mnzake Ignatius wa ku Loyola, munthu woyenda motsimphina. Pa 20 Meyi 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona, chipolopolo cha mzinga chinaphwanya mwendo wake wamanja. Mafupa analumikizidwa molakwika, madokotala anawathyolanso popanda mankhwala ochititsa dzanzi. Atapola, fupa lina linatulukira pansi pa bondo, ndipo iye analamula kuti alicheke, osati chifukwa cha ululu koma chifukwa ankafuna kuoneka bwino atavala nsapato zazitali za anthu apamwamba. Uyu ankafuna kubisa mng'alu, ndipo zinakanika. Mwendowo unakhalabe waufupi.

Ali chigonere kwawo ku Loyola anapempha mabuku a nkhani za ngwazi za nkhondo. M'nyumbamo munalibe, choncho anamupatsa mbiri ya Khristu ndi ya anthu oyera. Chipani cha Yesu chimene anachiyambitsa ndi anzake chinavomerezedwa ndi Papa Paul III mu 1540, ndipo Ignatius anachitsogolera ali ku Roma, akutsimphinabe, kufikira tsiku la imfa yake pa 31 Julayi 1556.