Kutuma n'kwina, kugawa udindo n'kwina

Chaka chilichonse kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a m'boma la Chadiza, monga a Zingalume, a Mlolo ndi a Mwangala, amanyamuka ndi nduna zawo ulendo wa ku Mkaika m'boma la Katete kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko amakumana ndi mafumu anzawo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Maso a khamu amathera pa gule wamkulu, koma mwambo wa Kulamba, umene atsamunda anauletsa mu 1934 n'kudzatsitsimutsidwa mu 1984, uli ndi mbali ina yoti aliyense woyang'anira antchito aipenyetsetse. Mafumu amapereka mtulo, ndipo amafotokoza mmene maiko amene anapatsidwa akuyendera.

Dzina la mwini mwambo likunena kale ntchito yake. Akuluakulu amalimasulira patatu: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, Undi ndiye wofungatira anthu ake. Kulonga munthu, kumugawira dera, kumutchinjiriza zikamuthina, kenako kumva kwa iye mmene wayendetsera zinthu, ndi zomwezo zimene mabuku a kayendetsedwe ka ntchito amaphunzitsa masiku ano. Mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni ku Chadiza sufika ku Mkaika. Amayamba nawo ndi anyakwawa, ukakanika upita kwa agulupu, ukakanikanso ndiye ukalowa kubwalo la mfumu. Paliponse pamene mlanduwo ukuima pali munthu amene akuphunzira kuweruza poweruza.

M'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi, nkhani imasokonekera pa mawu awiri amene ambiri amawayesa amodzi: kutuma ndi kugawa udindo. Wotumidwa amauzidwa zonse: pita uko, kanene izi, ubwere ndi yankho. Miyendo ndi yake, mutu ndi wa womutuma. Wogawiridwa udindo amauzidwa cholinga ndi malire, njira amasankha yekha. Mphunzitsi amene wauzidwa kuti akasiye mapepala kwa a DEBS, oyang'anira maphunziro kuboma, ameneyo watumidwa. Koma amene wauzidwa kuti akonze maphunziro obwereza a ana olemba mayeso, asankhe yekha masiku, akambirane ndi aphunzitsi anzake, ndipo pakutha kwa temu adzafotokoze zotsatira, ameneyo wagawiridwa udindo. Munthu atha kutumidwa mpaka kupuma pantchito osaphunzira kupanga chiganizo ngakhale chimodzi.

Chithunzi ichi n'chodziwika kumidzi. Ahedi aitanidwa kumsonkhano ku Chipata. Chidindo cha sukulu chili m'chikwama chawo, kiyi wa kabati ya choko ndi mabuku ali m'thumba. Kholo lapalasa njinga kuchokera kutali kudzatenga kalata yosamutsira mwana, ndipo achiwiri kwa ahedi, munthu wa zaka zambiri pantchito, angoti, "Pepani bambo, abwana kulibe, mudzabwerenso Lolemba." Mphepo ikasasula lata pakalasi, palibe amene angalamule kuti agule misomali. Ahediwo si ouma mtima. Amaopa kuti kanthu kakasokonekera wodzafunsidwa ndi iwo. Koma mantha amenewo amabweza kholo chimanjamanja, ndipo achiwiri aja amadzalandira sukulu yawoyawo asanagwirepo chidindo.

Akatswiri amasiyanitsa zinthu zitatu pamenepa. Choyamba ndi udindo, kutanthauza chimene munthu akuyenera kuchita. Chachiwiri ndi mphamvu, kutanthauza chilolezo chopanga chiganizo ndi kugwiritsa ntchito ndalama, katundu kapena anthu. Chachitatu ndi kuyankhapo, kutanthauza kuima pamaso pa amene anakupatsa udindo n'kufotokoza zimene zachitika. Udindo ndi mphamvu zimayenera kupita limodzi. Bwana akapereka udindo n'kutsalira ndi mphamvu, ameneyo wangokankhira mnzake mtolo, ndipo antchito amadziwa msanga kusiyana kwake. Akapereka mphamvu osafunsa lipoti, watsegulira khomo katangale. Chimene mabwana ambiri chimawavuta kumeza n'chakuti kuyankhapo sikuchoka pa wogawa. Ahedi akasiyira achiwiri awo chidindo, kalata ikalakwika, a DEBS adzafunsabe ahedi. Ndiye chifukwa chake kugawa udindo kumafuna kulimba mtima kwa anthu awiri, wolandira ndi wopereka yemwe.

Akhristu a ku Chadiza nkhaniyi amaimva kutchalitchi. Pa Eksodo 18, Yetero anapeza mkamwini wake Mose akuweruza yekha anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anamulangiza kusankha amuna okhulupirika oyang'anira magulu aakulu ndi aang'ono, kuti milandu yaing'ono izithera kwa iwo, yovuta yokha izifika kwa Mose. Malire a mphamvu anatchulidwa poyera kuyambira tsiku loyamba.

Boma la Zambia nalo lakhala likulimbana ndi funso lomweli pansi pa mutu wa mphamvu ku anthu. Mu bajeti ya 2022, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lodziwika kuti CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Makomiti a chitukuko a m'mawodi, amene lamulo la maboma aang'ono la 2019 limawazindikira, ndiwo amasonkhanitsa zofuna za anthu, kaya ndi mjigo, kalasi, madesiki kapena nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera. Khonsolo, monga ya Chadiza, ndiyo imayendetsa ntchitoyo. Chaka choyamba ndalama zambiri m'dziko muno zinachedwa kugwira ntchito, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinkatchulidwa chinali chakuti mapulojekiti ankadikira chivomerezo cha unduna ku Lusaka. Udindo unali utatsika, mphamvu itatsalira kumwamba. Pambuyo pake boma linatsitsira mphamvu yovomereza kuzigawo. Zimene zinachitikira dziko lonse n'zofanana ndi za chidindo cha m'chikwama chija.

Liwu lina lofunika ndi kugwirizira. Wogwirizira mpando amakhalapo kwa kanthawi mwini wake akapita kutchuthi, kusukulu kapena akasamutsidwa. Palibe kalasi ya utsogoleri yoposa imeneyi, popeza munthu amakumana ndi zonse: wantchito wobwera mochedwa, kholo lokwiya, ndalama zosakwana. Koma kugwirizira kumaphunzitsa pokhapokha wogwirizirayo atalandira kalata yonena zimene angachite ndi zimene sangachite, ndiponso mwini mpando akabwera akhale naye pansi n'kuunika zimene zachitika. Wogwirizira amene amayenera kuimba foni pa kanthu kalikonse amangotenthetsa mpando. Naye amene wagwirizira zaka zambiri osatsimikizidwa amafooka, chifukwa amasenza mtolo wonse wa udindo popanda ulemu wake.

Tsono pali chiopsezo, liwu limene limaopsa mabwana kuposa onse. M'kayendetsedwe ka ntchito, chiopsezo ndi mwayi woti chiganizo chikhoza kubala zosayembekezeka. Sichithawika, chimangoyezedwa. Alangizi a zaulimi amadziwa bwino zimenezi. Mlangizi mmodzi sangafike pakhomo la mlimi aliyense m'kampu yake, choncho amaphunzitsa alimi otsogola, ndipo aliyense wa iwo amaphunzitsa anzake. Mlimi wotsogola akamayesa mbewu yatsopano ya soya kapena ulimi wa m'maenje, sayamba ndi munda wonse. Amadula kachigawo m'mbali mwa njira n'kukasandutsa munda wachitsanzo. Zikayenda, mudzi wonse waona ndi maso. Zikakanika, banja silinagone ndi njala. Funso la bwana wanzeru lisakhale lakuti, "Kodi mwana ameneyu angalakwitse?" popeza yankho lake n'lakuti inde. Lizikhala lakuti, "Akalakwitsa pano, titaya zingati, ndipo kodi zingakonzeke?" Pamene zingakonzeke, amusiye ayese. Pamene pali moyo wa munthu kapena ndalama zoti sizingabwerere, ayende naye limodzi.

M'dera la ng'ombe ngati Chadiza, mnyamata saphunzira kulima ndi pulawo tsiku limodzi. Amayamba ndi kutsogolera ng'ombe, kenako amagwira chikwapu, kenako tsiku lina atate ake amamusiyira zigwiriro. Mzere woyamba umakhota. Atate amaona, koma salanda pulawo. Amayenda pambali, amamuuza kuti atsamire pang'ono uku, ndipo pofika kumapeto kwa munda mizere yayamba kuwongoka. Udindo pantchito umakula chimodzimodzi, kuchoka pa "fufuza undiuze" kupita pa "ndiuze maganizo ako," kenako "chita koma uyambe wandidziwitsa," mpaka kufika pa "chita, udzandiuza pakutha kwa mwezi."

Mzere wokhotawo uli ndi dzina lake: kulakwitsa. Kumasiyana ndi kutayirira, ndipo kumasiyana kwambiri ndi kuba. Wolakwitsa anayesa ndi mtima wonse, zinthu sizinayende. Wotayirira ankadziwa chochita koma sanalabadire. Wakuba anachita dala. Bwana amene amalanga zitatuzi mofanana amaphunzitsa antchito ake kubisa. Amy Edmondson wa ku Harvard anafufuza m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, akuyembekeza kuti magulu a anamwino otsogoleredwa bwino apezeka ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Anapeza kuti magulu amenewo ndiwo ankalemba zolakwa zambiri, chifukwa anthu ake sankaopa kuulula. M'magulu a mabwana aukali zolakwa zinkakwiriridwa. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wina wosonyeza kuti gulu limaphunzira bwino pamene munthu angafunse, kutsutsa kapena kuvomera cholakwa popanda kunyozedwa. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu inayo siithandiza kanthu ngati ikuopa kuyankhula.

Gawo la zaumoyo likuonetsa zimene zimachitika anthu akawakhulupirira. Chifukwa cha kuchepa kwa madokotala ndi anamwino, Zambia inayamba kuphunzitsa athandizi a zaumoyo a m'midzi, otchedwa ma CHA. Gulu loyamba, la anthu pafupifupi 300 osankhidwa m'madera akwawo, linaphunzira chaka chimodzi ku Ndola ndipo linayamba ntchito mu 2012. Anapatsidwa mphamvu yoyeza ndi kuchiza malungo, kutsegula m'mimba ndi matenda ena wamba, ndipo malire awo anali omveka: matenda ovuta atumize kuchipatala chachikulu. Akatswiri a zachuma, pakati pawo Nava Ashraf ndi Oriana Bandiera, anatsata gulu limeneli m'maboma 48. M'maboma ena chikalata choitanira anthu ntchito chinkanena za mwayi wokwera n'kudzakhala namwino kapena kupitirira apo, pamene m'maboma ena chinkanena za kutumikira mudzi. Amene anabwera atakopeka ndi mwayi wokwera anayendera makomo ochuluka ndi 29 pa 100 alionse kuposa anzawo. Wantchito akaona kuti udindo wa lero ndi khwerero lopita kwina, amaugwira ndi manja awiri.

Apa m'pamene pamalowa mawu awiri otsiriza, kuyendera ndi kulondalonda. Woyendera amabwera pa nthawi yogwirizana, amafunsa chimene chavuta, amaona kaundula, amasiya uphungu, n'kubwerera. Wolondalonda amafuna kuona chilichonse chisanachitike, amalembanso kalata imene mnzake walemba kale, ndipo pamapeto pake ntchito yonse imabwerera patebulo pake. Palinso bwana wachitatu, wogawa n'kusowa, amene amaonekera pokhapokha zinthu zitaipa. Mthandizi wa zaumoyo wa kumalire ndi Mozambique amene miyezi ikupita osaona womuyang'anira sanapatsidwe ufulu ayi, wasiyidwa yekha. Kufungatira kumene dzina la Undi limanena n'kumene kumasiyanitsa kugawa ndi kutaya. Wantchito akayesa mwachilungamo n'kulakwitsa, bwana aime patsogolo pake pamaso pa akuluakulu, kenako akambirane awiri m'chipinda.

Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo ambiri anatumizidwa kumaboma akumidzi. Mwa achinyamata amenewa mudzatuluka ahedi, oyang'anira zipatala ndi akuluakulu a maofesi a m'tsogolo muno. Amene ali pamipando lero ku Chadiza, kusukulu, kuchipatala, kukopaletivu ndi kukhonsolo, asankhe ntchito imodzi yeniyeni temu ino, aipereke kwa wachinyamata pamodzi ndi kiyi wake ndi ndalama zake, alembe malire papepala, ndipo agwirizane tsiku lodzamva lipoti.