Supuni ya Robert Bresson

Mu filimu ya 1956 yochedwa Un condamné à mort s'est échappé, mkaidi Fontaine ali m'ndende ya Montluc ku Lyon, akuyembekeza kunyongedwa kapena kuomberedwa ndi Ajeremani. Cida cake ndi supuni cabe. Amainola pansi, nayamba kupala matabwa a citseko pang'onopang'ono. Kamera imakakamira pa manja ake. Alonda sitiwaona kwenikweni. Timangomva mapazi ndi makiyi, mtima uli phaphapha kuopa kuti amva kupalako.

Amene anapanga filimuyi, Robert Bresson, ukaidi anaudziwa. Anabadwira ku France mu 1901, nayamba ndi kupenta zithunzi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anakhala m'manja mwa Ajeremani kupitirira caka.

Pambuyo pake anasiya kugwiritsa nchito akatswiri a zisudzo. Anali kutenga anthu wamba, n'kuwabwerezetsa mau kambirimbiri mpaka ataleka kudzionetsa. Ena amati nkhope zao n'zouma. Kwa ine, kuuma komweko ndiko kumakucititsani kuyang'anitsitsa. Mu 1966 anafika popereka mbali yaikulu ya filimu kwa bulu, Balthazar.

Anamwalira mu 1999, atapanga mafilimu aatali 13 okha m'zaka 40.