Dzina la Mwini Mau: Za Magazini a Rhodes-Livingstone Institute

Aphunzitsi anzathu a ku Sasare, ku Petauke ndi ku Nyimba, ambiri a ife tinalandirapo mlendo wonyamula kabuku ndi colembera, wofuna kuti timperekeze kwa akuluakulu a m'mudzi ndi kumtanthauzira mau ao. Mlendoyo amapita, mau aja nasindikizidwa kutali. Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa mangawa amene wolemba ndi mkonzi amakhala nao kwa eni mauwo.

Mwambo wolemba zonena za akuluakulu ngwakale kuno kwathu. E. H. Lane Poole, amene anagwira nchito ya Boma ku Petauke, anatulutsa buku la mbiri ya mitundu ya kum'mawa kwa Luangwa m'caka ca 1934. Koma nchito yaikuru inayamba ndi bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, limene mtsogoleri wace woyamba, Godfrey Wilson, anafika ku Livingstone mu 1938. M'caka ca 1944, pa utsogoleri wa Max Gluckman, bungweli linayamba magazini ochedwa Human Problems in British Central Africa. Anthu ace anafikanso kuno kum'mawa: J. A. Barnes anakhala pakati pa Angoni a ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, kuyambira 1946. Max Marwick anafufuza za ufiti pakati pa Acewa. Ndipo Raymond Apthorpe anayenda m'midzi ya Ansenga, kumenenso John Blacking anatola nyimbo za kalimba mu 1961.

Mangawa oyamba ndiwo a dzina. Akatswiriwa sanayende okha. Anali ndi athandizi aciafrika amene anatanthauzira zinenero, nawerenga anthu nyumba ndi nyumba, nalemba mibadwo ya mabanja, namva zimene mlendo sakadauzidwa. Koma pamwamba pa nkhani zosindikizidwa kawirikawiri panaoneka dzina la katswiri yekha, mthandizi nalandira mau ocepa a ciyamiko, kapena osachulidwa konse. Mmodzi wa iwo, M. B. Lukhero, amene anathandiza Barnes, pambuyo pace analemba za Nc'wala m'dzina lace. Mu 2001 Lyn Schumaker, m'buku lace Africanizing Anthropology, anaonetsa kuti nzeru zambiri za bungweli zinacokera m'nchito ya athandiziwa. Amene analima nao munda ayenera kuchulidwa pokolola.

Mangawa aciwiri aoneka ngati otsutsana ndi oyamba: ndiwo a kubisa dzina. Munthu akaululira mlendo mkangano wa ufumu, mlandu wa cigololo, kapena dzina la amene amganizira ufiti, sayembekeza kuti Bwana D.C. kapena mdani wace adzaziwerenga. Poyamba olemba ena anayesa kuti a kumidzi sadzaona konse mabukuwo. Koma masukulu athu omwe anasintha zimenezi, pakuti ana ndi adzukulu a eni mau anaphunzira Cingelezi. Barnes mwini analemba za bvutoli mu 1963, nacenjeza kuti cosindikizidwa cikhoza kupweteka anthu amene anamkhulupirira wolemba. Mau olankhulidwa pabwalo amatha ndi dzuwa, koma a m'buku amapeza mdzukulu.

Tsono mkonzi woona afunika nzeru yosiyanitsa: achule amene anagwira nchito, abise amene anaulula cinsinsi. Bungwe lija linalowa m'Yunivesite ya Zambia dziko litalandira ufulu, ndipo magazini ace anachedwa African Social Research kuyambira 1966. Ku Britain akonzi a magazini a akatswiri anayamba bungwe la Committee on Publication Ethics mu 1997, ndipo umodzi wa mirandu imene limakambirana kufikira lero ndi womwewu, wakuti mwini nkhani ndani.

Ife aphunzitsi tiri pakati pa mudzi ndi buku, ndipo mirandu iwiriyi itikhudza. Potola mbiri ya pfuko kapena miyambi ya agogo, tiyambe tawauza kumene mau ao adzapita, ndi kupempha cilolezo cao. Tilembe dzina la wonena, mudzi wace ndi tsiku, akabvomera. Akakana, tisunge cinsinsi cace. Tisakometse mau a mkulu kuti akondweretse owerenga. Tisatumize kwa mkonzi nchito ya mwana wa sukulu m'dzina lathu. Ndipo mlendo wa kabuku akadzabweranso, timfunse mwaulemu tisananyamuke ulendo: maina a ndani adzalembedwa, ndipo buku likatuluka lidzafika liti m'mudzi muno?