Babatoni: besi ya waya umodzi yomwe idakwera ndege

Munthu wofuna kupanga babatoni sangavutike pa Chimbiya. Zonse zili pompo, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza. Chikopa cha ng'ombe akachipeza kwa opha nyama. Waya akasolola m'mphepete mwa tayala lakutha kwa anyamata omata matayala. Mtengo wa bulugamu wowongoka bwino susowa kumtunda kuno, ndipo botolo lopanda kanthu, pamalo pomwe apaulendo amaima tsiku lonse kudya nyama ya nkhumba ya pachiwaya, silofunika kufunsa. Akawonjezera bokosi la matabwa ndi misomali ingapo, besi yatheka. Sifuna magetsi, sifuna chokuzira mawu, ndipo waya ukaduka mwini wake sadikira katundu wochokera kunja.

Ambiri akachiwona chidachi amachiyesa choseweretsa anyamata osowa chochita. Koma ndi chomwechi chomwe chatulutsa kunja kwa dziko amuna awiri odziwika lero pa zikondwerero za nyimbo ku Ulaya: Yobu Maligwa wa Madalitso Band ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Onse awiri amaimba besi, amapeka okha nyimbo zawo, ndipo ndiwo amatsogolera ndi mawu. Zimenezi sizichitikachitika. M'mabandi ambiri a magetsi woimba besi amaima kumbuyo pafupi ndi wa ng'oma, ndipo anthu amavina usiku wonse mpaka kubwerera kwawo osadziwa dzina lake.

Kuti besi ifike kutsogolo chonchi idayenda ulendo wautali, ndipo udayambira ku Joni.

M'zaka za m'ma 1950, m'makomboni a Johannesburg mudabuka nyimbo za kwela. Anyamata ankaima m'makona a misewu ndi zitoliro zachitsulo zotsika mtengo, gitala imodzi, ndi besi yopangidwa ndi bokosi lonyamulira masamba a tiyi. Spokes Mashiyane adatchuka ndi chitoliro chotere, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes, idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Nthawi imeneyo amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, ena ankagwira ntchito m'mafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia. Pobwera ankanyamula mabulangete, njinga, galamafoni ndi mbale zake. Kwela idalowa m'midzi ya kuno m'masutikesi a anthu amenewa.

Besi ya nthawi imeneyo inkaimbidwa choimirira. Woimba ankaponda bokosi ndi phazi limodzi kuti lisasunthe. Chingwe chinkachokera pakati pa bokosi kukamangidwa kunsonga ya ndodo yomwe tsinde lake linkatsamira pakona ya bokosilo. Akakokera ndodo kumbuyo chingwe chinkakungika, mawu n'kukwera. Akaibweza, mawu n'kutsika. Panalibe chizindikiro chilichonse chosonyeza pogwira. Khutu ndi mkono basi.

Omwe adaizika kwela m'nthaka ya Malawi ndi ana a banja la Kachamba a m'mudzi wa Singano, pafupi ndi Chileka. Daniel adabadwa mu 1947, mng'ono wake Donald mu 1953, ndipo gawo la ubwana wawo adakulira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, bambo awo ali pantchito. Atabwerera kumudzi adayambitsa bandi ya anyamata: Daniel pa gitala ndi mawu, Donald pa chitoliro, anzawo pa maseche ndi besi ya chingwe chimodzi ija. Ankaimba m'misewu ya Blantyre ndi m'malo omwera mowa. Mu 1967 adakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, yemwe adawajambula mawu ndi kanema, pambuyo pake n'kulemba buku lonse lonena za bandi yawo. Pofika 1972 abale awiriwa anali ataimba ku Nairobi ndi ku Germany.

Daniel, yemwe Amalawi amamukumbukira ndi dzina loti Dr Daniel Kachamba, adamwalira mu 1987. Donald adapitiriza kuzungulira mayiko ndi bandi yake ya kwela, ndipo mu 1999 adakaphunzitsa nyimbozi pa yunivesite ya UCLA ku California asanamwalire kumayambiriro a 2001. Woimba besi wa m'bandi ya Donald, Moya Aliya Malamusi, adadzakhala yekha katswiri wofufuza za chikhalidwe, n'kusonkhanitsa zida zoimbira zamakolo ku Chileka komweko. Ngakhale zinali choncho, m'nyimbo za a Kachamba besi inali yoperekeza chabe. Maso a anthu anali pa chitoliro ndi pa zala za Daniel.

Kenaka padabwera nyengo yomwe zida zopanga pamanja zidakankhidwira kumbali. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo inali ndi bandi yakeyake ya zida zamagetsi. Ku Balaka kudabadwa Alleluya Band mu 1978, ndipo situdiyo ya Paul Banda idadzatulutsa oimba ambiri omwe adadzaza makaseti a m'ma 1990. Woimba akajambula ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa, yemwe ankachulukitsa makaseti ndi kugulitsa. Kiyibodi itafala, mawu a besi adayamba kutuluka m'makina, munthu mmodzi n'kumaimba bandi yonse ndi zala khumi. Oimba banjo monga Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja wa Chimvu Jazz Band, ankamveka ndithu pa wailesi, koma anthu a m'tauni ankaziika nyimbo zawo m'gulu la zakumudzi, zomvera posekerera.

Kumbaliko n'komwe besi idasintha thupi. Anyamata a m'misika adaigoneka pansi. M'malo mwa ndodo yogwedera adakhomera mtengo wautali wosasuntha, m'malo mwa chingwe adakunga waya wa m'tayala, ndipo pabokosi adayalapo chikopa kuti lizilira ngati ng'oma. Woimba amakhala pansi, dzanja limodzi likumenya kapena kukodola waya, linalo likutsetsereka ndi botolo m'litali mwa wayayo. Botolo likayandikira kubokosi mawu amakwera, likapita kunsonga amatsika, ndipo popeza silidumpha koma kutsetsereka, mawuwo amalira mokoka, kutsatira mmene mawu a munthu amakwerera ndi kutsikira. Apa m'pomwe padagona kusintha konse. Besi yakale inkangosunga kugunda kwa nyimbo. Babatoni yatsopanoyi imatha kuimba nyimbo yeniyeniyo, kuyankha woimba, ndiponso kugunda nthawi imodzi. Munthu wokhala nayo sasowanso wina womutsogolera.

Yobu Maligwa adakumana ndi Yosefe Kalekeni ku Lilongwe mu 2002, chaka cha njala yomwe idathamangitsa anthu ambiri m'midzi kukasaka ganyu m'tauni. Adagwirizana zoimba limodzi. Yobu adatenga babatoni ndi kutsogolera nyimbo, Yosefe gitala ya mawaya anayi ndi ng'oma yachikopa yomwe amaimenya ndi chidendene atakhala pansi. Anthu awiri, zida zitatu, mawu awiri. Malo awo antchito anali misewu ndi misika ya mumzinda, malipiro awo ndalama zomwe odutsa ankaponya.

Aliyense yemwe adaimapo pa Chimbiya nthawi ya masana akudziwa lamulo la malonda a pamsewu. Minibasi ikaima, wogulitsa nyama, mbatata ya kachewere kapena kabichi ali ndi mphindi zochepa kuti wapaulendo atulutse ndalama kondakitala asanamenye chitseko. Woimba wa mumsewu amagwira ntchito pa lamulo lomwelo, ndipo nyimbo za Madalitso Band zidaumbidwa nalo. Zilibe mawu oyamba ataliatali. Ng'oma imayamba ndi liwiro lomwe idzathere nalo, gitala imazungulira pa makiyi ochepa, kolasi imabwera msanga ndipo imabwerezedwa mpaka woimirira aigwire. Mawu a Yobu ndi okwera, akuthwa, oti apyoze phokoso la magalimoto popanda maikolofoni. Olemba nkhani a ku Ulaya amakonda kunena kuti nyimbozi n'zachisangalalo chokhachokha, ngati kuti zidangotuluka zokha mumtima wa munthu wosauka koma wokondwa. Kumeneko n'kuwachepetsa. Ndi luso lomwe lidasulidwa zaka zambiri pamaso pa anthu omwe akatopa nawe amangochoka osatsanzika.

Mu 2009 wojambula nyimbo Emmanuel Kamwenje adawamva akuimba panja pa sitolo ina mu Lilongwe, n'kuwajambulira chimbale chawo choyamba, Fungo la Nyemba. Chimbalecho sichidawasandutse anthu otchuka. Ankachigulitsa okha pamanja, ndipo adapitiriza kuimba mumsewu zaka zina zisanu ndi zitatu. Chitseko chidatseguka mu 2017, pomwe adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ulendo wawo woyamba kutuluka m'Malawi. Kumeneko kumabwera anthu osaka oimba oti akaimbe m'zikondwerero za mayiko ena, ndipo chaka chomwecho awiriwa adakwera ndege ya ku Ulaya. Neil Nayar, woimba wa ku Britain wokhala ku Malawi, ndiye wakhala akuyendetsa za maulendo awo. Kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022, ndipo aimbapo pa zikondwerero zikuluzikulu monga Roskilde ku Denmark ndi WOMAD ku England.

Njira ya Gasper Nali inali ina. Iye alibe ngakhale mnzake wa gitala. Babatoni yake ndi yotalika pafupifupi mamita 3. Amaimenya ndi kamtengo, kutsetsereka ndi botolo la mowa, phazi likuponda ng'oma yachikopa, kukamwa kukutuluka nyimbo. Kanema wamfupi womuonetsa akuimba Abale Ndikuwuzeni m'mbali mwa nyanja adafalikira pa intaneti ndipo adawonedwa kambirimbiri, kufika m'mamiliyoni, ndi anthu omwe sadziwa n'komwe komwe kuli Nkhata Bay. Mattias Stålnacke wa ku Sweden adamujambulira nyimbo, ndipo kampani ya Spare Dog Records idatulutsa chimbale chotchedwa dzina la nyimbo yomweyo mu 2015, kenaka Zoona Malawi mu 2018. Mawonedwe a pa intaneti sadyeka, ndipo ambiri omwe makanema awo adafalikira chotere adathera pomwepo. Chomwe chidamupulumutsa Gasper n'chakuti kuseri kwa kanema uja kunali nyimbo zina zokwana zimbale, ndi munthu wotha kuimirira yekha pamaso pa khamu kwa ola lathunthu.

Mawu oti woimba wodziimira payekha ali ndi tanthauzo lina kuno. Ku America kapena ku Britain amanena munthu yemwe wakana kusaina ndi kampani yaikulu. Ku Malawi kampani yoti uikane palibe. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama za oimba nyimbo zawo zikaseweredwa, koma woti alandire ndi yemwe nyimbo zake zalembetsedwa ndipo zikumveka pa wailesi. Msika wa makaseti ndi ma CD udagwa pomwe anyamata okopera nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi adadzaza m'misika yonse, ndi pa Chimbiya pomwe. Chotsalira kwa woimba ndi zoimbaimba zapamaso, maukwati, misonkhano ya ndale ndi ya makampani. Wa babatoni saitanidwa kawirikawiri kumeneko. Mwayi wake ndi woti alibe ngongole ya zida, salipira jenereta, ndipo ndalama ikapezeka sigawidwa pakati pa anthu khumi.

Chowawa pa mbiri yonseyi n'chakuti pafupifupi aliyense mwa oimbawa adayamba watamandidwa ndi mlendo, kwawo n'kumutsatira pambuyo. A Kachamba anali ndi Kubik. Malawi Mouse Boys, anyamata ogulitsa mbewa m'mbali mwa M1 yomweyi chakumwera, adajambulidwa ndi Ian Brennan wa ku America, chimbale chawo n'kutuluka mu 2012. Gasper adapezana ndi munthu wa ku Sweden. Kamwenje yekha ndiye Mmalawi pamndandandawu yemwe adaima n'kumvetsera, ndipo dzina lake liyenera kumatchulidwa kuposa mmene limatchulidwira. Alendowo sadalakwe kanthu. Funso lili kwa eni mawailesi ndi okonza zoimbaimba a kuno, omwe amadutsa oimba otere pagalimoto tsiku ndi tsiku magalasi ali otseka.

Mu 2025 Madalitso Band idatulutsa Ma Gitala, chimbale chomwe adalola kuti situdiyo iwonjezere mawu ena ndi zida zina pamwamba pa zitatu zija, ndipo chaka chomwecho kudatuluka filimu yofotokoza moyo wawo, The Banjo Boys, yomwe adaikonza Johan Nayar. Otsatira awo ena amakonda kulemera kwa mawu atsopanowo, ena akuti babatoni imamveka bwino ikakhala ndi malo opumira. Pa siteji mkanganowo sufika: kumakhalabe mipando iwiri, Yosefe ndi chidendene chake pa ng'oma, Yobu ndi waya wake umodzi, ndipo mainjiniya a zokuzira mawu a ku Ulaya amayenera kuphunzira poika maikolofoni pa bokosi lachikopa lomwe silidalembedwe m'buku lawo lililonse.