Kusala Okalamba m'Mizinda ya Kumigodi

Kusala okalamba ndi khalidwe loweruza munthu poona imvi zake cabe, kumuyesa wosathandiza, wobwerera ku umwana kapena mfiti. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2021 linanena kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse padziko lapansi ali ndi maganizo onyoza okalamba. Kuno ku Zambia, kalembera wa mu 2010 anaonetsa kuti a zaka 65 kupita m'mwamba sanafike atatu pa anthu 100 alionse. Ndi ocepa, ndipo mau ao samveka patali.

Ku Kitwe ndi ku Ndola vutoli lili ndi mbiri yakeyake. Mizinda ya kumigodi inamangidwira anthu anyonga. M'nthawi ya atsamunda, wanchito wa pamgodi akakalamba anali kuyembekezeka kusiya nyumba ya kampani ndi kubwerera kumudzi. Katswiri James Ferguson, amene anafufuza za anchito a pamigodi ku Kitwe, analemba m'buku lake la mu 1999 kuti ambiri anali kuopa ulendo wobwererawo, popeza anacoka kumudzi kalekale ndipo ankaopa nsanje ndi ufiti. Zinthu zinasintha pamene nyumba za ZCCM zinagulitsidwa kwa okhalamo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, migodi nayo n'kugulitsidwa kotheratu mu 2000. Ambiri ocotsedwa nchito anakalambira m'makomboni monga Wusakile ndi Chamboli, m'tauni imene sinakonzekere kukhala ndi agogo.

Kunena zoona, amene akuchedwa katundu wolemetsawa ndiwo anasenza mabanja pamene matenda a AIDS anatenga makolo ambiri. Agogo analera ana amasiye ndi ndalama za lendi ya kacipinda, malonda a pa msika wa Chisokone kapena kamunda ka m'mbali mwa tauni.

Coopsa koposa ndi kunamizira ufiti. Gogo wodwala matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, angathe kutuluka usiku, kusokera njira, n'kupezeka m'mawa pakhomo la eni asakudziwa dzina lake. Khamu likasonkhana, ena amati wagwa pa ndege ya ufiti, ndipo kumenya kumayamba asanafike apolisi. Amenewa ndi matenda a ubongo, ofunika cipatala. Lamulo la za ufiti, Caputala 90 ca malamulo a Zambia, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wopezeka ndi mlandu angalipitsidwe faindi kapena kuikidwa m'ndende. Ambiri salidziwa lamuloli.

Okanidwa ndi abale ena amasungidwa ku Mitanda, nyumba ya okalamba ya mpingo wa Salvation Army ku Ndola, ena ku Chibolya mu Mufulira, imene ili m'manja mwa boma. Malo otere ndi owerengeka m'dziko lonse.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya za ukalamba mu 2015. M'caka comweco msinkhu wopumira pa nchito unaikidwa pa zaka 60, ndi mwai wopuma msanga pa zaka 55 kapena mocedwa pa zaka 65. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, limafikiranso mabanja osauka okhala ndi okalamba. Koma penshoni ya NAPSA ndi ya okhao amene anali kusonkhako, motero amai amene anagulitsa ndiwo pa msika moyo wao wonse kawirikawiri alibe poyambira.

Ena amati wokalamba alibe cina copereka. Malemu Dr. Kenneth Kaunda anali kuyendabe ndi uthenga wolimbana ndi AIDS atapitirira zaka 80, ndipo malemu Michael Sata anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu 2011 ali ndi zaka 74.

Tsiku la okalamba padziko lonse limakumbukiridwa pa 1 October, ndipo 15 June ndi tsiku lodzudzula nkhanza zocitira okalamba. Amene waona gogo akuzunzidwa angakanene ku nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit kapena ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lake.